Voti Imene Inatsekeredwa Padenga

Wapolisi anangogwira mpiringidzo wa chitseko cha padenga, n'kuukoka, n'kuukankha, kenako anapukuta dzimbiri pathalauza lake.

"Mwina ndi ana," anatero.

"Ana ake ati?" anafunsa Atelala. "Mpiringidzo uwu ine ndimachita kuumenya ndi nsapato kuti usunthe. Watseka apa ndi munthu wamkulu, ndipo amadziwa chimene amachita."

"Mukamva kanthu mundiimbire, mayi."

Anatsika masitepe akuyang'ana foni yake, ndipo Atelala anadziwa kuti nkhaniyo yathera m'thumba mwake.

Nkhani yake inali iyi. Amuna awo a Atelala anagwidwa sitiroko chaka chatha, ndipo ankayendera chikuku. Nyumba yawo inali pansi penipeni pa mdadada wa nyumba zosanja, koma pakhomo lalikulu lotulukira kumsewu panali masitepe ataliatali. Tsiku la chipatala likafika, bambo wamkulu ngati uyo ankachita kuberekedwa kumsana, anthu akusuzumira m'mawindo. Masiku ena onse ankangokhala pawindo. Atelala anapempha komiti ya eni nyumba kuti ilole kumanga kanjira kotsetsereka ka simenti pambali pa masitepewo, ndipo nkhaniyo inachedwa miyezi isanalowe pa ajenda.

Komitiyo inali ya anthu asanu ndi wapampando. Atelala anali atawerengera atatu kumbali yawo: Alembi, amene anali mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala; mlamu wawo wokonza mafiriji, amene anakhala pampando wa mkulu wake chidwalireni, ndi Ankhunda, mdala wofuya nkhunda padenga. Koma Loweruka masana, msonkhano uli mkati, Ankhunda anali kuseri kwa chitseko ichi, mvula ikuwakhuthukira. Mavoti anafanana, awiri kwa awiri. Atcheya, amene amavota pokhapokha mavoti akafanana, anakweza dzanja n'kukana. Ndipo lamulo lawo linkati nkhani ikagwa siibwereranso pa ajenda mpaka chaka chithe.

Ankhunda anapezedwa chakumadzulo ndi mayi wina wokaanula zovala, akunjenjemera m'khola la nkhunda zawo. Tsopano anali m'chipatala ndi chibayo. Atelala sankafuna wolosera kuti adziwe amene anapindula. Kanjirako kakanadya theka la malo amene Atcheya ankaimikapo galimoto yawo.

*

Anawapeza pomwepo, akupukuta galimotoyo ngati akusambitsa khanda. Pambali panaima Aloya, mmodzi wa okana aja. Sanali loya ayi, koma ankayenda ndi malamulo a komiti m'mutu, ndipo dzinalo linawakanirira chifukwa ankakonda kulimva.

"Mayi, ndikumvetsa ululu wanu," anatero Atcheya osasiya kupukuta. "Ine ndi munthu wachifundo kwambiri. Koma ndondomeko ndi ndondomeko."

"Munali kuti msonkhano usanayambe?"

Nsalu yopukutira inaima. "Mukundifunsa ngati ndani?"

"Ngati munthu amene mwamuna wake akuola m'nyumba."

Aloya anatsokomola n'kulowererapo. "Poyamba, funso lanu silinadzere kwa wapampando mwa dongosolo. Chachiwiri, ndiyankha ndine. Tinali limodzi m'tauni kuyambira m'mawa, kugula mababu a m'makonde. Titatsika m'galimoto tinalowa m'chipinda cha msonkhano, Alembi akutiona, ndipo sitinatulukemo. Chachitatu, mukadakhala ndi umboni zikanakuthandizani, koma mulibe."

"Zikanandithandiza bwanji?"

Apa Aloya analephera kudzigwira, pakuti kufunsidwa lamulo kunali kuwakanda poyabwa. "Membala akatsekerezedwa ndi membala mnzake kuti asafike pamsonkhano, voti imafa, nkhani imabwerera pa ajenda, ndipo wotsekerezayo amachotsedwa m'komiti pompopompo. Ndime imeneyo ndinailemba ndekha."

Atcheya anawayang'ana ndi diso loipa. Atelala anaona chiyembekezo koyamba chichokereni Loweruka. Dzina limodzi lokha likanakwanira.

"Muikire bwino mipando, Atcheya," anatero. "Tikumananso posachedwa."

*

Wokana wachiwiri anali Mayi Maluwa, amene bedi lawo la maluwa linali theka linalo la malo a kanjirako. Anawalandira Atelala atakhazika miyendo pa kampando, mawondo atakulungidwa mabandeji onunkha mankhwala opaka.

"Ine kukwera padenga? Mwana wanga, taona mawondowa. Kuti ndifike pabedi langa lomwe ndimapuma panjira. Ndinakana, inde, ndipo sindibisa. Maluwa amene aja ndinadzala ndi malemu amuna anga. Koma kutsekera munthu pamvula, Mulungu andione."

"Ndani ankadziwa kuti Ankhunda ali padenga nthawi imeneyo?"

"Ndani sankadziwa? Mdala uja amadana ndi pemphero la Atcheya, akuti limatalika kuposa msonkhano. Ndiye amakadyetsa nkhunda zake mpaka tiwerenge maminitsi, kenako n'kutulukira ngati mkwati."

"Munakhala pati?"

"Pakhomo, malo anga a masiku onse. Ndimafuna kamphepo."

"Ndiye munaona aliyense akulowa."

"Onse. Alembi anali kale mkati. Atcheya ndi Aloya analowa ndi makatoni awo. Womaliza anali mlamu wako, ali wefuwefu, akuti anachedwa ndi firiji ya kasitomala kutsidya la tauni. Ndinamuseka kuti mvula imamuopa, chifukwa shati yake inali youma gwa pamene kunja kunali kutatseguka kumwamba. Umwa tiyi?"

Atelala anakana tiyiyo. Za shati ya mlamu wawo sanazisamale n'komwe, anthu ali ndi maambulera. Chimene chinawapweteka chinali chakuti mayiyu ankanena zoona, ndipo zoonazo zinkawayeretsa Atcheya. Anatuluka atakwiya ndi mawondo a munthu wosalakwa.

"Ukapita kuchipatala umuuze mdalayo kuti nkhunda zake zikulira," anakuwa Mayi Maluwa. "Ndipo umufunse chimene anagwirizana ndi Atcheya. Ine si wamiseche, koma umufunse."

*

Ankhunda anali atagona chotsamira mapilo, kachubu kali m'mphuno, koma lilime linali lamoyo.

"Ndinamva mpiringidzo ukulira, ndili chogwada kuthira madzi m'mbale. Pofika pachitseko munthu anali atatsika. Ndinamenya, ndinakuwa, koma mvula padenga paja ndi ng'oma. Mwazipatsa chakudya?"

"Zadya, bambo. Munagwirizana chiyani ndi Atcheya?"

Mdalayo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. "Zamveka kale? Iwe unaiona ajenda yoyamba imene anamata pakhomo? Panali nkhani ziwiri, kanjira kako ndi kuchotsa khola langa padenga. Madzulo ake Atcheya anabwera kwanga, mwaulemu kwambiri, kudzandiuza kuti ajenda amakonza ndi iwo, ndipo nkhani ikhoza kulowa kapena kutuluka. Ndinamva. Ndinati chabwino bwana, dzanja langa ndi lanu. M'mawa mwake anamata ajenda ina, ya nkhunda mulibe."

Atelala anaimirira. "Ndiye munatigulitsa chifukwa cha mbalame?"

"Khala pansi, iwe. Atcheya ndinawagulitsa mphepo. Nkhani imene siili pa ajenda sangaikambe tsiku lomwelo, ndi lamulo lawo lomwe. Akangoichotsa, nkhunda zanga zapulumuka mwezi umenewo, ndipo dzanja ndi langabe. Ndikanavotera amuna ako. Munthu amene uja anandiperekeza kumanda a mkazi wanga ndi miyendo yake iwiri, ine ndimukanize kanjira?"

"Atcheya ankadziwa zimenezo?"

"Akanadziwa bwanji? Anayenda mdadada wonse akudzitama kuti Ankhunda ali m'thumba mwawo."

Atelala anakhala pansi. Namwino anadutsa ndi kangolo ka mankhwala, mawilo akulira. Ngati Atcheya ankakhulupirira kuti ali ndi atatu okana, analibe chifukwa chotsekera voti yawo yomwe padenga. Aloya ndi Mayi Maluwa chimodzimodzi. Masiku onsewa anali akuuwa pamtengo wopanda kanthu. Wotseka chitseko anali munthu amene ankaopa Ankhunda, ndipo owaopa anali a mbali ya kanjira.

A mbali imeneyo anatsala awiri okha.

*

Alembi anali kuseri kwa kauntala, atavala chovala chawo choyera, akuwerengera mayi wina mapiritsi. Atelala anadikira kuti kasitomalayo atuluke, n'kufunsa za Loweruka.

"Ine ndinafika woyamba kudzaika mipando, amayi, ndipo sindinatuluke. Mayi Maluwa akhoza kuchitira umboni, anandipeza ndikupukuta tebulo. Sindikugona nazo bwino zimenezi, ndikuuzeni. Ndinapempha kuti tidikire Ankhunda, koma Aloya anati chiwerengero chakwana."

"Tandifotokozereni za voti. Pang'onopang'ono."

"Atcheya anati ovomera. Ine ndi alamu anu tinakweza. Okana, Aloya ndi Mayi Maluwa. Ine ndinati awiri kwa awiri." Anazengereza, akusuntha kabotolo pakauntala. "Pamenepo alamu anu anaimirira."

"Kupita kuti?"

"Kunyamuka basi. Anatenga chikwama chawo cha zipangizo, nkhope ili mwee, akuti chabwino, ndiye tidzaionanso mwezi wamawa. Aloya anawauza kuti akhale pansi, wapampando sanavote. Amayi, sindinaonepo munthu akusintha nkhope choncho. Anafunsa kuti kuvota bwanji, si mavoti akafanana nkhani imadikira msonkhano wotsatira? Aloya anaseka."

"Si mmene zilili?"

"Ndi mmene zinalili kale, nthawi ya abambo akunyumba kwanu ali mlembi. Tinasintha iwo ali m'chipatala, mpando wawo uli wopanda munthu. Nkhani zinkangodikira, kudikira, osatha, ndiye tinapatsa wapampando voti yodula. Alamu anu atalowa ndinawapatsa malamulo atsopano, koma ndikukayika ngati anatsegula. Amati malamulo onse amawamva kwa achimwene awo."

Atelala anagwira kauntala. Anakumbukira shati youma ija, ya munthu amene ankati wachokera kutsidya la tauni.

"Muli bwino, amayi? Ndikupatseni madzi?"

"Msonkhano unatha nthawi yanji?"

"Unatalika. Alamu anu anapempha kawiri kuti atuluke, koma Aloya anati akatuluka alembedwa kuti anathawa msonkhano. Utangotha anathamanga, ndimaganiza kuti ndi manyazi."

Sanathamangire padenga, anaganiza Atelala. Akanathamangira kumeneko, mdala uja sakanapezedwa ndi mayi wa zovala. Mantha anamupititsa kwina, n'kusiya munthu pamvula.

*

Anawapeza onse awiri pabalaza. Amuna awo anali pachikuku pafupi ndi windo, bulangete lili pamiyendo. Mlamu anali atagwada kuseri kwa firiji yawo, imene sinali yowonongeka, akumasula ndi kumanga sikuluu yomweyomweyo. Chichitikireni msonkhano ankabwera tsiku ndi tsiku kudzakonza zinthu zabwinobwino.

Atelala anatseka chitseko n'kuima chotsamira.

"Alamu, Loweruka munali ndi ambulera?"

"Ambulera? Ayi. Bwanji, alamu?"

"Tulukani kuseri kwa firijiko, ndikufuna ndikuoneni kumaso."

Anatuluka. Anali munthu wamphamvu, wa mapewa amene ankanyamula mkulu wake pamasitepe, koma anaima ngati mwana wasukulu amene wagwidwa akubera mayeso.

"Mdala uja ali ndi kachubu m'mphuno," anatero Atelala. "Akufunsa ngati nkhunda zake zadya."

Sikuludiraiva inagwa pansi. "Ndimati ndikatsegula msonkhano ukangotha, alamu. Ndimati ndi kanthawi kochepa, mvula inali isanalimbe. Kenako zinthu zinasokonekera, ndipo nditatuluka ndinamva anthu pamasitepe, ndinaopa kuti andiona ndikukwera. Ndinazungulirazungulira mumsewu ngati wamisala. Pobwerera anali atawatsitsa kale."

"Chifukwa chiyani?"

"Anali atagulidwa! Tikanagonja atatu kwa awiri, chaka chonse n'kupita. Ndimati mavoti akafanana tipeza mwezi wina, tiwanyengerere Mayi Maluwa, mwina tiwasamutsire maluwa awo."

"Sanagulidwe."

"Alamu?"

"Anawanamiza Atcheya kuti apulumutse khola lawo. Dzanja lawo linali lathu. Tinali atatu, alamu, tinali titapambana. Inu munakwera masitepe onse aja kukatsekera kanjira ka achimwene anu padenga."

Mlamu anakhala pansi pomwepo, pasimenti, manja ali kumutu. Atelala ankafuna kumumenya ndi chilichonse chapafupi, ndipo chapafupi chinali mulu wa mayunifomu a ana asukulu amene anali asanasoke mabatani chifukwa cha kuyendayenda kumeneku. Anali atanyoza Atcheya pamaso, atakayikira gogo wa mawondo otupa, pamene khoswe anali pamkhate m'nyumba mwawo momwe.

"Inu simuwerenga ajenda," anatero Atelala. "Simuwerenga chilichonse chopanda mawaya. Anakuuzani ndani kuti nkhani ya nkhunda yachotsedwa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti mdala wagulidwa?"

Maso a mlamu anathawira kuwindo n'kubwerera.

"Ndi... ine."

Mawuwo anatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa ikukana. Amuna awo anali atatembenuza chikuku ndi dzanja lawo lamoyo.

"Ndinamu... tuma. Ndinati... kungochedwetsa. Lamulo... ndikulidziwa."

"Munkalidziwa," anatero Atelala. "Analisintha muli kuchipatala."

"Palibe... anandiuza."

Zinali zoona, ndipo zinawabaya. Chidwalireni, aliyense m'nyumbamo ankawauza za mankhwala, za nyengo, za mpira. Za komiti ankawabisira kuti magazi asakwere. Atelala eniake ndi amene analetsa Alembi kubwera ndi mapepala kunyumbako. Koma chisonicho sichinazimitse mkwiyo, chinangouwonjezera nkhuni.

"Mukanandifunsa ine! Ndimagona pambali panu, ndimakusambitsani, ndimakudyetsani. Munakhala pawindopo n'kuluka chiwembu ndi mng'ono wanu ngati anyamata akuba zipatso, osandiuza ngakhale liwu limodzi. Mukanapha munthu!"

"Ndatopa... kuberekedwa," anatero bamboyo, misozi ikutsika mbali imodzi yokha ya nkhope.

Mlamu anadzutsa mutu. "Kanditchuleni, alamu. Aloya amanena kuti voti imafa membala akatsekerezedwa. Ndipita ndekha kupolisi, nkhani ibwerere pa ajenda."

Atelala anali ataiwerengera kale m'minibasi pobwera, ndipo anaiwerengera mobwereza kuti mwina ituluka mwina.

"Mukadzitchula akuchotsani m'komiti. Atsala anayi. Ankhunda ndi Alembi mbali ino, ngati mdalayo angatikhululukire. Aloya ndi Mayi Maluwa mbali inayo."

"Awiri kwa awiri," ananong'ona mlamu.

"Ndipo Atcheya akweza dzanja lawo lachifundo lija, inu muli m'chitokosi, wonyamula achimwene anu palibe."

Kenako foni ya Atelala inalira m'thumba la diresi. Anali wapolisi uja, ndipo anadabwa kuti wakumbukira.

"Mayi, akuluakulu akuti nditseke nkhani ija ngati palibe chatsopano. Mwamvapo kanthu?"

Anayang'ana mlamu wawo pasimenti. Anayang'ana amuna awo.

"Palibe, bwana," anatero. "Mwina ndi ana."

Anadula foni n'kuiponya pamulu wa mayunifomu. Bodzalo linkawawa mkamwa ngati mapiritsi otafuna.

"Apolisi ndawanamiza, koma mdala uja sindimunamiza. Mawa m'mawa tikupita kuchipatala tonse atatu, mukamuuze ndi pakamwa panu. Akafuna kukutchulani, akutchuleni, ine sindimuletsa."

"Mawa... si tsiku langa... la chipatala," anatero amuna awo. "Anthu... aona."

"Aone. Alamu, mufike molawirira mudzawabereke." Atelala anakoka mpando wa makina osokera n'kukhala, msana atalozetsa kwa onse awiri. "Ndipo muwazolowere masitepewo, bambo. Ndi anu chaka chathunthu, munawavotera nokha."